Mwini mtembo ndani? Mlandu wa Antigone ndi atsibweni ake

Dzuwa linali paliwombo. Alonda anakhala pachitunda kunja kwa linga la mzinda wa Thebes, mbali imene mphepo inkachokera, kuthawa fungo. Ankalondera mtembo. Agalu ndi mbalame zinali ndi ufulu wofika pamenepo. Woletsedwa anali munthu aliyense wobwera ndi dothi. Mwadzidzidzi kamvuluvulu anadzutsa fumbi, alonda natsinzina, ndipo potsegula maso anaona mtsikana ataima pambali pa mtembowo akulira mokuwa. Anatapa fumbi ndi manja, naliwaza pa thupi lovundalo, nathira nsembe katatu kuchokera mu mtsuko wa mkuwa. Atamugwira, sanayese kuthawa ndipo sanakane kanthu.

Mtsikanayo ndi Antigone, ndipo dzina lake ndilonso dzina la sewero limene Sophocles analemba ku Athens, m'dziko la Greece, cha mu 441 Khristu asanabadwe. Mwa masewero oposa 120 amene mkuluyu analemba, athunthu amene anatifika ndi 7 okha. Masewero otere ankaonetsedwa pa chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, m'bwalo la m'tsinde mwa phiri la Acropolis, pamaso pa anthu zikwizikwi. Olankhula pabwalo anali atatu basi, amuna okhaokha, akusinthasintha zigoba kumaso, moti Antigone woyamba anali mwamuna wovala nkhope ya mkazi. Pambali pawo pankaima gulu la oimba 15, oimira madoda a mumzinda, amene ankathirira ndemanga pa zochitikazo. Funso limene oonerera aja anapita nalo kunyumba silinathe mpaka lero: mphamvu ya wolamula imalekera pati, ndipo munthu akatsirizika amakhala m'manja mwa yani?

Mlandu unayambira pa mpando. Oedipus, mfumu ya Thebes imene inapha bambo ake ndi kukwatira mayi ake mosadziwa, anasiya ana anayi: anyamata Eteocles ndi Polyneices, ndi atsikana Antigone ndi Ismene. Anyamatawo analimbirana ufumu. Polyneices atapirikitsidwa anakamema asilikali ku Argos, nabwera kudzazinga mzinda wa kwawo wa zipata 7. Pa chipata chimodzi abale awiriwo anakumana, nabayana, nafera pomwepo onse. A ku Argos anathawa, ndipo ufumu unagwera Creon, mlongo wake wa Jocasta, mayi wa anawo. Lamulo lake loyamba linakhudza maliro. Eteocles, amene anafera mzinda, aikidwe ndi ulemu wonse. Polyneices, amene anabwera ndi moto kudzautentha, asiyidwe pamtetete, wosaliridwa, wosakwiriridwa. Wophwanya lamuloli aponyedwe miyala.

Mchewa akamva chibale chimenechi khutu limaima. Creon ndi atsibweni a anawo. Kumudzi kwa mbumba, munthu wotere ndiye amatuma uthenga wa maliro, ndiye amaloza adzukulu pokumba, ndiye amalankhula kumanda. Agiriki ankatsata mtundu wa bambo, komabe alongo onse awiri atafa, mwamuna wapafupi wotsala woyang'anira atsikanawo anali Creon yemweyo. Amene anayenera kuika maliro ndiye anawaletsa. Kuwonjeza apo, Antigone anali atatomeredwa ndi msuweni wake Haemon, mwana wa Creon. Boma ndi banja zinali pansi pa denga limodzi.

Ambiri amathamangira kunena kuti Creon ndi chilombo, koma Sophocles sanamulembe choncho. Mawu ake oyamba ndi a munthu amene wangolandira dziko lonunkha magazi. Akuyerekeza mzinda ndi chombo: chikamira, abale ndi abwenzi onse amira nacho, choncho woika mnzake patsogolo pa dziko sayenera kuwerengedwa. Akunenanso kuti mtima wa munthu sudziwika bwino mpaka atayesedwa ndi udindo. Anthu a ku Athens sankamva mawu amenewa ngati a munthu wankhanza. Mu 343 Khristu asanabadwe, mlankhuli wotchuka Demosthenes anawerengetsa ndime imeneyi m'bwalo la milandu monga chitsanzo cha udindo wa nzika yabwino, pofuna kuchititsa manyazi mdani wake Aeschines, amene kale ankachita masewero ndipo anaseweraponso ngati Creon. Sophocles mwiniwake ankadziwa kulemera kwa udindo: anakhalapo msungichuma wa mgwirizano wa mizinda umene Athens ankautsogolera, ndipo anasankhidwa kukhala mmodzi wa akazembe a nkhondo pamodzi ndi mtsogoleri wotchuka Pericles.

Ngakhale kumana woukira manda sichinali chachilendo. Lamulo la ku Athens linkaletsa kuika wopandukira dziko m'nthaka ya Attica, dera la mzindawo. Mtembo wake unkatayidwa kunja kwa malire, ndipo kumeneko abale akanatha kukaukwirira. Creon anapyola apa. Anaika alonda kuti mtembo uvunde pamaso pa anthu, pafupi ndi mzinda, ukhale phunziro.

Kwa Agiriki chimenechi chinali chinthu choopsa. Ankakhulupirira kuti mzimu wa wosaikidwa supeza malo pakati pa akufa anzake, ndipo fumbi lochepa lokha linali lokwanira kuutsegulira njira. Kusambitsa mtembo ndi kuulira inali ntchito ya akazi a m'banjamo. Mtima wa anthu a ku Athens pa nkhaniyi unaonekera poyera mu 406 Khristu asanabadwe. Akazembe awo anapambana nkhondo ya panyanja ku Arginusae, koma namondwe anawalepheretsa kuvuula omira ndi kutola mitembo. Atabwerera kwawo, 6 mwa iwo anaweruzidwa kuti aphedwe, chipambano chili apo.

Antigone ataimikidwa pamaso pa atsibweni ake, anayankha kuti lamulo lawolo silinachokere kwa Zeus, mfumu ya milungu, ndipo lamulo la munthu woti adzafa silingapose malamulo a milungu, amene sanalembedwe paliponse koma sasunthika, ndipo palibe akudziwa tsiku limene anayamba. Creon atati mdani sasanduka bwenzi chifukwa chakuti wafa, mtsikanayo anati iye anabadwira kugawana chikondi, chidani ayi. Chifukwa cha mawu otere anthu ambiri amamuona ngati woyera mtima.

Koma womvetsera bwino amapeza kuti woyera mtimayu ali ndi minga. Mbandakucha, sewero likuyamba, anapempha Ismene kuti amuthandize kunyamula mtembo. Ismene anachita mantha, nakumbutsa mbale wake kuti banja lonse latha, atsala awiri okha, ndipo ndi akazi amene sangalimbane ndi amuna a mphamvu. Antigone anamuyankha ndi mawu odula. Pambuyo pake Ismene analimba mtima, nadzipereka kuti afe naye limodzi, koma Antigone anamukankha pamaso pa anthu, nati amene sanakhudze ntchitoyo alibe gawo pa imfayo. Wolalikira chikondi cha pachibale anataya mbale mmodzi yekha wamoyo amene anamutsalira. Za Haemon, bwenzi lake, sakamba mwachikondi, ndipo awiriwo sakumana pabwalo ngakhale kamodzi. Mtima wake wonse uli kumanda, kwa bambo, mayi ndi alongo ake.

Ndime yovuta koposa imabwera pamene akupita naye kukafa. Akunena kuti akanakhala mtembo wa mwamuna wake kapena wa mwana wake, sakanalimbana ndi mzinda, chifukwa mwamuna wina angapezeke ndipo mwana wina angabadwe, koma makolo ali kumanda mlongo wina sangaphukenso. Nanga malamulo osasunthika aja apita kuti? Ngati milungu imafuna kuti wakufa aliyense aikidwe, mwamuna ndi mwana akusiyana pati ndi mlongo? Wolemba wa ku Germany, Goethe, anaipidwa ndi mawuwa kotero kuti mu 1827 ananena kuti akanakonda katswiri wina atatsimikiza kuti si a Sophocles. Komatu wafilosofi wachigiriki Aristotle ankawadziwa ngati a m'sewerolo, ndipo ganizo lofanana nalo likupezeka mu mbiri ya Herodotus, pa nkhani ya mkazi wa Intaphernes amene mfumu Darius inamulola kupulumutsa mmodzi mwa a m'banja lake, iye nasankha mlongo.

Mawu ovutawa ndiwo amaulula mtsikanayo. Pamaso pa mfumu analankhula za milungu. Pakhomo pa imfa, ali yekha, oimba aja akukana kumupepesa, chimene chinatsala ndi mlongo mmodzi amene palibe wolowa m'malo mwake. Achewa amati chibale ndi fupa, sichiola. Antigone anaima pa fupa limenelo, ndipo malamulo a kumwamba anawatchula chifukwa ankagwirizana nalo.

Njira yomweyi imatsegula mtima wa Creon: kutsatira mmene zifukwa zake zikusinthira. Poyamba akukamba za dziko. Antigone asanagwidwe, mlonda atabwera, akunjenjemera, kudzanena kuti wina wawaza fumbi pamtembo osasiya phazi, madoda anafunsa ngati si ntchito ya milungu. Creon anapsa mtima, nati pali anthu mumzinda amene akumung'ung'udzira ndipo agula alonda ndi ndalama. Atadziwa kuti wolakwa ndi mtsikana, nkhani ya dziko inazilala, nayamba kunena kuti akamulekerera ndiye kuti mwamuna ndi Antigone, iye ayi. Pofika pokangana ndi mwana wake, anafunsa poyera ngati mzinda si wa amene akuulamula. Munthu amene anayamba ndi chombo chonyamula onse anathera pa mawu akuti ine. Pansi pa mfundo zake panali mantha a mfumu yatsopano, yosatsimikiza ngati anthu akuiopa mokwanira.

Haemon analowa mwaulemu, monga mwana wolankhula ndi bambo ake. Sanapemphe chifundo chifukwa cha ukwati. Anati iye amamva zimene anthu amanong'ona mumdima, zimene sangayerekeze kunena pamaso pa mfumu, ndipo mzinda wonse ukumulira mtsikanayo. Anapereka fanizo la mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wosefukira: yowerama imapulumuka ndi nthambi zomwe, youma khosi imazuka ndi mizu. Creon anangomva chinthu chimodzi, kuti mwana akufuna kuphunzitsa mkulu. Wamkulu sauzidwa. Anamutcha kapolo wa mkazi, ndipo mnyamatayo anatuluka atanena kuti bambo ake sadzaonanso nkhope yake.

Apa Creon anasintha chilango. M'malo moponyedwa miyala, Antigone atsekeredwe wamoyo m'phanga la mwala, atamuikira chakudya pang'ono, kuti mzinda usadetsedwe ndi magazi a wachibale. Anaganiza kuti wapeza njira yophera popanda kupha.

Wafilosofi wa ku Germany, Hegel, amene anakamba za seweroli m'buku lake la mu 1807 ndi m'maphunziro ake a pambuyo pake, ankaliona ngati chitsanzo chapamwamba cha sewero lomvetsa chisoni. Kwa iye chisoni chenicheni chimabadwa pamene zoona ziwiri zagundana. Banja lili ndi chilungamo chake, boma lili ndi chake, ndipo aliyense mwa awiriwo akulakwa chifukwa akuona mbali yake yokha. Ganizoli linathandiza owerenga kusiya kufunafuna mngelo ndi satana m'sewero. Koma lili ndi polekera, chifukwa Sophocles sanasiye sikelo ili yofanana.

Amene anapendeketsa sikeloyo ndi Teiresias, mlosi wakhungu wotsogoleredwa ndi kamnyamata. Anabwera ndi malodza. Mbalame zimene ankaombezera zinkang'ambana ndi zikhadabo, nsembe zinkakana kuyaka, chifukwa agalu ndi mbalame zinali zitamwaza nyama ya mtembo uja pa maguwa onse a mzinda. Creon anabwereza nyimbo yake yakale, nati mlosiyo wadya ndalama. Pamenepo nkhalambayo inatchula tchimolo ndi dzina lake: mfumu yasunga kumtunda munthu wa pansi, ndipo yatsitsira pansi munthu wa kumtunda. Wakufa wamanidwa manda, wamoyo wapatsidwa manda. Malipiro ake adzakhala mtembo wochokera m'chiuno mwake momwe.

Mlosi sananene kuti Polyneices anachita bwino, ndiponso sanayamikire Antigone. Chigamulo chake chinali chopapatiza koma cholemera: ulamuliro wa mfumu uli pa amoyo, ndipo wakufa wasamukira m'manja mwa eni ena. Kubaya munthu amene wafa kale si chamuna. Mtembo sungamve chilango, sungalape, sungaukirenso. Amene amalangika ndi amoyo otsala, ndipo chinthu chimene chimadetsedwa ndi mzinda womwewo umene lamulolo linkafuna kuuteteza.

Patapita zaka pafupifupi 100, Aristotle analemba kuti munthu wa m'sewero lotere sagwa chifukwa ndi woipitsitsa, amagwa chifukwa cha chimene anachitcha hamartia. Muzu wa mawuwa m'Chigiriki ndi kuphonya, monga mkondo uphonya nyama. Mawu omwewa ndi amene ali m'Chipangano Chatsopano pamene Baibulo la Chichewa limati tchimo. Creon analoza chinthu chabwino, mtendere wa mzinda, naphonya. Owerenga Baibulo amadziwa kukokana kotereku. Aroma 13 amalangiza kumvera olamula, pamene Machitidwe 5 amaonetsa atumwi akuika Mulungu patsogolo pa akuluakulu a bwalo. Pa za mitembo, Deuteronomo 21 amalamula kuti ngakhale wopachikidwa chifukwa cha mlandu aikidwe tsiku lomwelo, kuopa kudetsa dziko. Ndipo mu 2 Samueli 21 muli Rizipa, amene anayala chiguduli pathanthwe nakhala pafupi ndi mitembo ya ana ake kuyambira nyengo yokolola mpaka mvula itagwa, akuingitsa mbalame masana ndi zilombo usiku, kufikira Davide atamva nalamula kuti mafupawo aikidwe. Ahebri ndi Agiriki, osapangana, anaika malire pamalo amodzi.

Creon anagonja, koma anagonja mochedwa ndiponso mosokoneza. Madoda anamulangiza kuti akatulutse mtsikana m'phanga ndi kukonzera wakufa manda. Iye anayamba ndi wakufa. Anasambitsa zotsala za mtembo, nazitentha, naunjika dothi la kwawo pamwamba, ndipo atatha zonsezi ndi pamene analunjika kuphanga. Anapeza Antigone atadzimangirira ndi nsalu, Haemon atamukumbatira m'chiuno akulira. Mnyamatayo analavulira bambo ake kumaso, nasolola lupanga, nawaphonya, nadzibaya yekha. Mkazi wa Creon, Eurydice, atamva uthengawo analowa m'nyumba osalankhula, nadzibaya pa guwa akutemberera mwamuna wake.

Milungu inatsimikiza kuti Polyneices anayenera kuikidwa, koma sinatambasule dzanja kupulumutsa amene anamuika. Apa ndi pamene seweroli limalemera kwa munthu wa chikhulupiriro. Antigone anapita kuphanga akufunsa kuti walakwira mulungu uti, ndipo ayang'anenso kumwamba chifukwa chiyani, popeza kupembedza kwake kwamutengera dzina la wosapembedza. Yankho linabwera iye atafa kale, ndipo silinamufike.

Mwina n'chifukwa chake seweroli limadzuka paliponse pamene boma ndi chikumbumtima zayang'anizana. Mu Febuluwale 1944, Paris ali m'manja mwa asilikali a Hitler, wolemba masewero Jean Anouilh anaonetsa Antigone wakewake. Oyang'anira zoonetsedwa a ku Germany analola, ndipo m'holo imodzi ena ankaombera m'manja mfumu yosunga bata pamene ena ankaombera mtsikana wokana. Pa chilumba cha Robben ku South Africa, akaidi analichita m'ndende, ndipo Nelson Mandela analemba m'mbiri ya moyo wake kuti iye anasewera ngati Creon. Mkaidi amene anadzakhala pulezidenti mu 1994 analoweza pamtima mawu a mfumu yosamva za anzake. Mu 1973 ku Cape Town, Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anatulutsa The Island, sewero la akaidi awiri amene akukonzekera kuonetsa mlandu wa Antigone pamaso pa oyang'anira ndende, wina akukana kuvala tsitsi la mkazi poopa kusekedwa.

Amalawi nawo ali ndi chokumbukira. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo zinalengezedwa kuti afa pa ngozi ya galimoto. Sanalandire maliro oyenera udindo wawo, ndipo abale anawaika mwamantha, osalira momasuka monga mwambo ufunira. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 ndilo linatsimikiza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Kumudzi kumene ngakhale anthu osalankhulana amakumana pa siwa, kuletsa kukhuza maliro kumauza aliyense kuti mphamvu yafika pamene siyenera kufika.

Sophocles anatseka sewero lake mosayembekezeka. Dzina pa sewero ndi la Antigone, koma iye amachoka pabwalo nkhani ikadali kutali ndi mapeto, ndipo wotsala mpaka kumathero ndi Creon. Akulowa atanyamula mtembo wa mwana wake m'manja, munthu yemwe uja amene analetsa mtsikana kunyamula mtembo wa mlongo wake. Zitseko za nyumba yachifumu zitseguka, mtembo wa mkazi wake uonekera. Akudzinenera yekha kuti wapha onse awiri, akupempha kuti amuchotse pamaso pa anthu, akuitana imfa, koma imfa sibwera. Antchito amugwira mkono ndi kumulowetsa m'nyumba. M'kulira kwake konse satchula mwana wa mlongo wake ngakhale kamodzi. Thupi la Antigone silibweretsedwa pabwalo, ndipo oimba akutuluka popanda wina wofunsa kuti adzamuika ndani.